Mwala wachotsedwa, koma tidziwa bwanji kuti impso yayera?

Chikondi: Akuluakulu, tithandizane apa. Makalata ambiri amene odwala amabwera nawo akachotsedwa miyala ya mu impso, kaya konkuno, ku India kapena ku Joni, amangolemba mawu awiri, stone free, kutanthauza kuti mulibenso mwala. Salemba kuti anaona ndi chiyani, kapena anaona tsiku liti. Ndiye munthuyo akafika pachipatala cha paboma pomwe pali ultrasound ndi X-ray basi, timuunike bwanji, timuunike liti, ndipo tinene kuti zatheka tikaona chiyani?

A Mbewe: Funso lanu a Chikondi lili ndi mafunso awiri, ndipo ambiri amayankha limodzi lokha. Loyamba, kodi mwatsala chidutswa? Lachiwiri, kodi mkodzo ukutsika bwino kuchoka mu impso kukafika m'chikhodzodzo? Mwala ukhoza kuchoka wonse koma kapaipi kaja, ureter, n'kutsala ndi chipsera chophinja njira. Impso yotere imatupa pang'onopang'ono, nthawi zina osapweteka n'komwe, mpaka kufota. Munthu akuyenda bwinobwino, akuyamika opaleshoni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chinanso, maso a amene anachita opaleshoni si muyeso wokwanira. Pomaliza ntchito madzi a mu impso amakhala atachita matope ndi fumbi la mwala komanso magazi. Timatumba tina ta impso, ma calyx, timakhala tatupa pakhomo, ndipo kachidutswa kamatha kubisala kuseri kwa magazi oundana. Fluoroscopy, X-ray yoonera pompopompo m'chipinda cha opaleshoni, imaona zidutswa zazikulu zokha. Kalata yolembedwa potengera zimene anaona tsiku lomwelo ikufunikabe chithunzi choitsimikizira.

Tiyamike: Ndiyambe ndi X-ray ya pamimba, KUB, poti ndi imene ili paliponse. Musanaidalire funsani chinthu chimodzi: kodi mwalawo unkaoneka pa KUB usanachotsedwe? Ngati unkaoneka, zidutswa zake zikhozanso kuoneka. Ngati sunkaoneka, KUB yoyera ya lero siikukuuzani kanthu. Miyala ya calcium imaoneka bwino, ya struvite imaoneka mozimiririka pang'ono, ya cystine imaoneka movutikira, ya uric acid siioneka.

Ngakhale mwala wa calcium, kachidutswa ka mamilimita 2 kapena 3 kamasowa mosavuta. Kamabisika ndi mpweya ndi chimbudzi cha m'matumbo, ndi nthiti zomalizira, ndi timapiko ta mafupa a msana tija ureter amadutsa pamwamba pake, komanso ndi fupa la sacrum. Kafukufuku wa Pearle ndi anzake wa mu 1999 anayerekeza KUB ndi kulowanso mu impso ndi kamera itachitika PCNL, opaleshoni yoboola pamsana kulowa mu impso, ndipo KUB inagwira pafupifupi 46 pa 100 zokha za impso zimene zinali ndi zotsalira. Kunena kwina, theka limatipulumuka.

Pojambula, chithunzi chiyambire pamwamba pa impso zonse ziwiri mpaka pafupa la pachinena. Zithunzi zambiri zimadulidwa m'munsi, pomwe chidutswa chimakonda kuima, pakhomo la chikhodzodzo. Wodwala atulutse mpweya n'kuima osapuma, ndipo akodze kaye.

Yamikani: Zonsezi n'chifukwa chake ine ndimati tisazungulire. CT, sikani yojambula thupi m'magawomagawo, yopanda contrast, mankhwala aja owalitsa chithunzi, ndiyo imaona pafupifupi mwala wamtundu uliwonse, ndiponso tizidutswa ta milimita imodzi kapena awiri. Onani kafukufuku wa Pearle yemweyo wa mu 2005, wa miyala yosapitirira sentimita imodzi ya m'thumba la m'munsi mwa impso. Ataunika ndi CT patapita miyezi 3, amene anayereratu anali 35 pa 100 mwa ophwanyiridwa ndi ESWL, mafunde ochokera kunja kwa thupi, ndi 50 pa 100 mwa olowedwa ndi ureteroscope, kamera yopyapyala yolowera m'njira ya mkodzo. Manambala okongola a 80 kapena 90 amene timamva nthawi zambiri amakhala ochokera pa KUB, kapena awerengera ndi anthu otsala ndi tizidutswa. Chida chosaona bwino chimapangitsa dokotala aliyense kuoneka katswiri.

Mayi Nkhoma: A Yamikani, pa mabuku mukunena zoona. Koma CT ili m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa kuti akajambulidwe, ndi ulendo, malo ogona, womuperekeza, ndiponso kudikira pamzere ndi anthu a ngozi zapamsewu. Tikamuuza aliyense kuti popanda CT palibe chimene tingadziwe, ambiri sabweranso n'komwe, ndipo impso yotsekeka ija, imene ultrasound ikanaigwira m'mphindi zisanu, ipita osaonedwa.

Yamikani: Sindikukana mayi. Koma tizinena poyera kuti ultrasound yoyera ndi CT yoyera si mawu amodzi.

A Mbewe: Nonse mwalasa. Ine ndingaike chonchi: CT ipite kwa amene zotsatira zake zisinthe chochita. Wa mwala wa matenda, struvite, makamaka uja wa nthambi ngati nyanga za gwape. Wa impso imodzi. Wa mwala wosaoneka pa KUB amene akumvabe kupweteka. Amene impso yake ikutupabe koma ultrasound siikuonetsa chifukwa. Amene mukuganiza zomuchitanso opaleshoni yachiwiri, chifukwa simungalowetse munthu m'fiyeta potengera kadontho koyera ka pa ultrasound. Ena onse, amene anali ndi mwala wa calcium wooneka pa KUB, achotsedwa bwino ndipo sakudandaula, ultrasound ndi KUB pamodzi zimakwana.

Ndipo tisaiwale cheza. KUB imodzi ndi pakati pa 0.5 ndi 1 mSv, muyeso wa cheza chimene thupi lalandira. CT ya mlingo wochepa ndi pafupifupi 1 mpaka 2. CT wamba ndi 5, pamakina ena kufika 10. Cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira pachaka, kuwerengera dziko lonse lapansi, ndi pafupifupi 2.4. Matenda a miyala amabwerezabwereza, ndiye mnyamata wa zaka 25 amene ayamba lero akhoza kujambulidwa kambirimbiri pamoyo wake. CT ya mlingo wochepa imagwira bwino kwa amene BMI yawo, muyeso wa kunenepa, ili pansi pa 30. Kwa onenepa kwambiri chithunzi chimachita mchengamchenga ndipo tizidutswa timasokonekera momwemo.

Nabanda: A Tiyamike, tifotokozereni za ultrasound mwatsatanetsatane. Malipoti ambiri amangoti multiple calculi, miyala yambiri, impso zonse ziwiri, munthu akapita ku CT n'kupezeka mulibe kanthu.

Tiyamike: Apa ndiye pagona nkhani. Pakati pa impso pali mafuta, ndipo pa ultrasound mafutawo amawala. Mitsempha ya magazi yokalamba nayonso imawala. Ndiye kadontho kowala pakokha si mwala. Mwala uli ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba, mthunzi wakuda bii wotsika kuchokera pansi pake, wa m'mbali mowongoka. Chachiwiri, mukayatsa colour Doppler, ija imaonetsa magazi oyenda mwa mitundu, pamakhala kuthwanima kwa mitundu yosakanikirana, yofiira ndi yobiriwira ikusinthana mofulumira kuseri kwa kadonthoko, kumene timati twinkling.

Kuti mthunzi uoneke, makina akonzedwe. Gwiritsani probe, kachida kaja kogunditsa pathupi, yokhota ya 3.5 mpaka 5 MHz. Ikani focus imodzi yokha, pamlingo wa kadonthoko kapena pansi pake pang'ono. Tsitsani gain mpaka mafuta azilala, mwala umatsala ukuwalabe. Zimitsani compounding, chifukwa imawombera mafunde kuchokera m'mbali zingapo n'kudzaza mthunzi uja, chithunzi chimaoneka chosalala koma umboni wafufutika. Pa twinkling kwezani scale ya Doppler kuti mitundu ya magazi oyenda ichoke, zotsala zikuthwanima ndiye zokayikitsa. Onani kadonthoko m'mbali ziwiri, molambalala ndi mopingasa. Chooneka mbali imodzi yokha musachilembe kuti ndi mwala.

Pa kukula, ultrasound imakonda kukulitsa, makamaka miyala yosakwana mamilimita 5. Kachidutswa ka mamilimita 3 kakhoza kulembedwa 6, ndipo 6 ameneyo akhoza kutumiza munthu ku opaleshoni yosafunika. Yezani m'lifupi mwa mthunzi, pafupi ndi poyambira pake, osati kuwala kwa pamwamba kokha. Muyeso wa mthunzi umayandikira kukula kwenikweni. Komanso mulu wa fumbi wounjikana m'thumba la m'munsi umaoneka ngati mwala umodzi waukulu. Mtembenuzeni wodwala agone chammbali, dikirani pang'ono, onaninso. Fumbi limayalika n'kusintha maonekedwe, mwala susintha.

Masiku oyambirira itachitika opaleshoni mu impso mumakhala mpweya. Umawala ngati mwala koma mthunzi wake ndi wotuwa, wa utsiutsi, ndipo umakwera m'mwamba wodwala akatembenuka. Nsonga ya stent, kapaipi ka pulasitiki kosiyidwa mu ureter kuti mkodzo uzitsika, imaoneka ngati mizere iwiri yoyenda limodzi, nayonso imatha kuthwanima pa Doppler.

Chomwe ultrasound siingathe ndi kuona pakati pa ureter, chifukwa matumbo amaphimba. Mumaona poyambira pake ndi pothera pake pachikhodzodzo. Pakatipo ndi ntchito ya KUB.

Nabanda: Ndiye zikutanthauza kuti ultrasound imanama mbali zonse ziwiri, imaona zimene kulibe n'kusiya zimene zilipo.

Tiyamike: Pa tizidutswa ting'onoting'ono, eya. Pa kutupa kwa impso ndi yodalirika kwambiri, ndipo funso lachiwiri la a Mbewe lija ndi limenelo.

Chikondi: Nanga nthawi? Tijambule patapita masiku angati?

A Mbewe: Zimatengera njira imene anachotsera. ESWL, imene inayamba ku Munich mu 1980, siichotsa mwala, imangouphwanya ndi mafunde kuchokera kunja, thupi n'kutulutsa lokha. Ndiye chithunzi cha mawa lake chimangoonetsa ngati mwala wasweka. Pakatha masabata awiri jambulani KUB ndi ultrasound kuti muone ngati wasweka mokwanira, ngati zidutswa zikutsika, ndiponso ngati impso yatupa. Mwala umene pa KUB ukuoneka chimodzimodzi ngati kale, m'mphepete mwake mosalala, sunamve. Wosweka umaoneka wotambasuka, wozilala, wa ming'alu. Chigamulo chomaliza chimadikira miyezi 3. Zotsala pambuyo pa miyezi 3 kawirikawiri sizichoka zokha.

Ureteroscopy yophwanya ndi laser mpaka fumbi imafunanso kudikira. Masabata 4 mpaka 6 stent itachotsedwa ndiye nthawi yabwino. Mukajambula stent ili momwemo pali mavuto awiri. Tizidutswa timatsamira pa stent n'kubisika, ndipo stent imalola mkodzo kubwerera m'mwamba chikhodzodzo chikadzaza, impso n'kuoneka yotupa pamene siinatsekeke. Komanso chipsera chophinja njira chimayamba kudzionetsa stent itachoka.

PCNL, kuboola pamsana kulowa mu impso, imene Fernström ndi Johansson anaifotokoza mu 1976, ili ndi nkhani yakeyake. A Yamikani, apa CT yanu ndiye kwawo.

Yamikani: Zikomo akulu. CT ya tsiku lotsatira PCNL ili ndi phindu limodzi lalikulu: chubu cha nephrostomy, chotulutsa mkodzo mu impso kudzera pamsana, chikadali momwemo, njira yolowera ikadali yotsegula. Mukapeza chidutswa cha mamilimita 6 m'thumba limene silinafikidwe, mukhoza kulowanso ndi kamera yopindika kudzera pabowo lomwelo, osaboolanso. Mukadikira mwezi bowolo latseka. CT yomweyo imaonetsanso magazi ounjikana kuzungulira impso, madzi a m'chifuwa ngati anaboola pamwamba pa nthiti ya 12, ndiponso ngati chubu chadutsa m'thumbo lalikulu.

Koma imakokomeza. Fumbi losakanikirana ndi magazi oundana limaoneka ngati chidutswa, ndipo likanatuluka lokha m'masabata angapo. Contrast wotsalira wa pa opaleshoni amawala ngati mwala, kapena amaphimba mwala weniweni. M'kafukufuku wa 1999 uja, CT siinaphonye impso ngakhale imodzi yokhala ndi zotsalira, koma inalozanso zingapo zimene polowa ndi kamera zinapezeka zoyera. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la madokotala a njira ya mkodzo ku Ulaya, EAU, amaona kuti kuwerenga kupambana kwa opaleshoni kumakhala bwino patapita masabata 4. Chithunzi cha tsiku loyamba ndi chothandiza kugamula zolowanso kapena ayi.

Ndipo musachite nephrostogram, kujambula kothira contrast m'chubu chija, musanajambule CT. Mukathira contrast m'chubu kaye, mwadziphimba m'maso nokha.

Tiyamike: Ndiwonjezere pa kajambulidwe ka CT, poti nayonso imalakwika. Magawo akhale opyapyala, mamilimita 2 kapena kuchepera. Pa magawo a mamilimita 5, kachidutswa kakang'ono kamasakanikirana ndi mnofu woyandikana nako, kuwala kwake n'kuzilala. Poyeza kukula sinthani chithunzi chikhale pa bone window, yoonera mafupa, ndipo muchikulitse. Pa window ya minofu mwala umafufuma n'kuoneka waukulu. Yezani mopingasa ndi moimirira, chifukwa chidutswa cha mu ureter chimakhala chachitali motsata kapaipiko, ndipo muyeso wopingasa wokha umachichepetsa. Ngati pali kadontho pakhomo la chikhodzodzo, mgonekeni chafufumimba. Chimene chagwera kale m'chikhodzodzo chimagubudukira kutsogolo, chimene chakakamira pakhomo sichisuntha.

Kondwani: Funso langa ndi la mawu aja akuti tizidutswa topanda vuto, tosapitirira mamilimita 4. Tiziwalembabe?

A Mbewe: Mawu amenewo anabadwa m'masiku oyambirira a ESWL, potanthauza chidutswa cha mamilimita 4 kapena kuchepera, chosapweteka, chosatseka njira, chopanda matenda. Anthu anakumbukira nambala n'kuiwala mfundo zinazo. Ndipo ngakhale mfundozo zikwanire, dzinalo ndi losocheretsa. Streem ndi anzake mu 1996 anatsatira odwala 160 otsala ndi tizidutswa totere, ndipo pafupifupi 43 pa 100 anadzamva kupweteka kapena kufuna chithandizo china, nthawi yake ikakhala pakatikati zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Raman ndi anzake mu 2009 anapeza chiwerengero chofanana pambuyo pa PCNL, ndipo tizidutswa toposa mamilimita 2 ndi timene tinkabweretsa mavuto kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kachidutswa ndi mbewu. Mkodzo umene unapanga mwala woyamba sunasinthe, ndipo tsopano wapeza pomangira.

Magazini ya Journal of Endourology inaika magulu atatu potengera CT: gulu A mulibe kanthu, gulu B zotsalira zosapitirira mamilimita 2, gulu C kuyambira 2.1 mpaka 4. Choposa pamenepo ndi mwala wotsala, tisaupatse dzina lina.

Yamikani: Ndipo pa struvite palibe B kapena C. Mwalawu umapangidwa ndi tizilombo monga Proteus ndi Klebsiella timene timaswa urea, mkodzo n'kukhala ndi pH yoposa 7, kutanthauza kuti asidi wachepa. Tizilomboto timakhala m'kati mwa mwala momwe mankhwala safika. Kachidutswa ka milimita imodzi ndi chisa, ndipo m'miyezi yochepa nyanga zija zikhoza kumeranso. Wodwala wotere akufunika CT, culture ya mkodzo yofufuza tizilombo mobwereza, ndi kuyeza pH ulendo uliwonse.

Kondwani: Ndiye aliyense wa gulu C tizimubweza ku fiyeta?

A Mbewe: Ayi ndithu. Oposa theka sadzavutika. Chofunika n'chakuti auzidwe zoona, kukula ndi malo zilembedwe, ndipo aunikidwenso pakatha miyezi 6 kenako chaka ndi chaka. Malo ndi ofunika ngati kukula. Chidutswa cha m'thumba la m'munsi chili m'dzenje, kuti chituluke chiyenera kukwera chitunda, ndiye chimakhalitsa n'kumakula mwakachetechete. Cha pachitumba chapakati kapena mu ureter chili pamsewu, chimatuluka kapena kutseka. Pa fumbi la m'munsi pambuyo pa ESWL pali njira yotchipa: wodwala amwe theka la lita ya madzi, pakatha theka la ola agone mutu uli kunsi chiuno chili m'mwamba, wina azimenya pang'onopang'ono pamsana pa impsoyo kwa mphindi 10, kubwereza maulendo angapo. Kenako mujambulenso.

Mayi Nkhoma: Pali chinthu cha kuno kwathu chimene mabuku a ku Ulaya sachitchula kwenikweni: likodzo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, ambiri anadwalapo ali ana. Likodzo lokhalitsa limasiya calcium m'khoma la chikhodzodzo ndi kumapeto kwa ureter. Pa KUB mumaona mzere wopyapyala wozungulira chikhodzodzo ngati chikamba cha dzira, kapena mizere iwiri yotsatira ureter. Wosazolowera amalemba kuti zidutswa zatsala. Chachikulu, likodzo limaphinja ureter kumunsi, ndiye impso ikhoza kukhala kuti inali yotupa kalekale mwala usanabwere, mwinanso kuphinjako n'kumene kunabala mwalawo. Mukachotsa mwala osaona zimenezi, ubweranso. TB ya impso nayonso imasiya calcium m'mnofu wa impso ndi zipsera mu ureter.

Tiyamike: Zoona mayi. Ndipo m'chiuno muli timiyala ta m'mitsempha ya magazi, ma phlebolith. Timakhala tozungulira ngati mkanda, pakati pake potuwa, ndipo kawirikawiri tili m'munsi ndi m'mbali kuposa pamene ureter amadutsa. Chidutswa cha mwala chimakhala cha makonamakona. Pa CT, mwala wa mu ureter umazunguliridwa ndi kamkombero ka mnofu wotupa, pamene phlebolith imakhala ndi kamchira kotuluka mbali imodzi. Koma njira yachidule kuposa zonse ndi kuika chithunzi chakale pambali pa chatsopano. Kadontho kamene kanali pamalo omwewo opaleshoni isanachitike, kukula komweko, si chidutswa chatsopano. Ndiye odwala aziuzidwa kuti asamangobwera ndi lipoti, abwere ndi zithunzi zenizenizo, pa CD kapena pafoni.

Nabanda: Kuwonjezera pa miyala yosaoneka, tikumbukire a ma ARV. Atazanavir imatha kupanga miyala yake, ndipo ikakhala ya mankhwala okhaokha siioneka pa KUB. Indinavir, imene masiku ano inasiyidwa, ndiyo inkadziwika kuti mwala wake umasowa ngakhale pa CT. Kwa munthu wotere timadalira zizindikiro zozungulira, ureter wotukuka ndi impso yotupa, ndipo nthawi zina mpaka kuthira contrast kuti mwalawo uoneke ngati bowo lakuda m'kati mwa madzi owala. Tsegulani buku lake la kuchipatala muone zimene amamwa musanatsimikize kuti mulibe kanthu.

Chikondi: Tibwerere pa impso yotupabe. Patha masabata 6 stent itachoka, ultrasound ikuonetsa kuti yatupa pang'ono, munthu sakumva kanthu. Tichite chiyani?

Tiyamike: Choyamba akakodze n'kubweranso pabedi. Chikhodzodzo chodzaza kwambiri chimatupitsa impso zonse ziwiri pang'ono, ndipo zimaphwa akakodza. Ngati yatupabe, yezani zinthu zitatu n'kuzilemba m'manambala: kutalika kwa impso, kumene kwa wamkulu kumakhala masentimita 9 mpaka 12, kukula kwa chitumba chapakati kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndi kukhuthala kwa mnofu wa impso. Mawu akuti mild kapena moderate aliyense amawamva mwakemwake, manambala ndiye amafananitsika. Kenako yang'anani pakhomo la ureter m'chikhodzodzo ndi colour Doppler kwa mphindi 5 mpaka 10, wodwala atamwa madzi. Mkodzo ukamatsika mumaona kamoto kamtundu kakutumphuka. Mbali imodzi ikatumphuka kangapo inayo ziii, kayikirani. Resistive index, muyeso wa Doppler wa kayendedwe ka magazi mu impso, ikaposa 0.7 imathandizira koma siigamula, chifukwa imakweranso ndi matenda ena a impso.

A Mbewe: Kenako fananitsani ndi zakale. Impso imene inatsekeka miyezi yambiri imatanuka ngati thumba, ndipo ikhoza kukhala yotambasuka moyo wonse njira ili yotsegula. Ngati kutupako kwachepa poyerekeza ndi kale, bwerezani pakatha masabata 6 ena. Ngati kuli chimodzimodzi ndi kale, kukukula, kapena sikunalipo opaleshoni isanachitike, ameneyo atumizidwe ku chipatala chachikulu. Muyeso weniweni ndi renogram, sikani yotsatira mmene mankhwala a MAG3 obayidwa mu mtsempha amachokera mu impso, yokhala ndi furosemide wokodzetsa: theka la mankhwala likachoka mu impso pasanathe mphindi 10 njira ili bwino, likatenga mphindi zoposa 20 yatsekeka. Pomwe palibe renogram, IVU, X-ray ya contrast wobayidwa mu mtsempha, kapena CT ya contrast yokhala ndi zithunzi zochedwa imaonetsa pamene paphinjika, bola creatinine, muyeso wa m'magazi wa ntchito ya impso, akhale wabwino.

Ndatchula creatinine, ndiye ndichenjeze. Creatinine wabwino si umboni woti impso yochitidwa opaleshoni ili bwino. Inzake ikamagwira ntchito, nambala siisuntha ngakhale iyi ikufa. Amene ali pachiopsezo chachikulu cha chipsera ndi aja mwala unakhala pamalo amodzi mu ureter kupitirira miyezi iwiri, aja ureter anabooka kapena kukalika pa opaleshoni, ndi aja a likodzo. Kutsekeka kosapweteka kumeneku kafukufuku wina anakupeza mwa anthu pafupifupi 3 pa 100 ochitidwa ureteroscopy. Ndi ochepa, koma ultrasound imodzi ndi yotchipa kuposa impso.

Kondwani: Za ESWL mwasiya steinstrasse.

Yamikani: Eya. Ndi mawu a Chijeremani, msewu wa miyala. Zidutswa zambiri zikatsika nthawi imodzi zimafola mu ureter, kawirikawiri kumunsi, ndipo pa KUB zimaoneka ngati mkanda wautali. Yang'anani cha kutsogolo, chifukwa nthawi zambiri ndi chimodzi chachikulu chimene chatseka zinzake zonse. Ngati palibe kutentha thupi, kupweteka kukupiririka ndipo impso inayo ili bwino, mukhoza kudikira ndi tamsulosin, mankhwala omasula ureter, 0.4 mg usiku, KUB ndi ultrasound sabata ndi sabata. Mzere ukamafupika zikuyenda. Ukaima masabata angapo, chotsogoleracho chiphwanyidwe kapena chichotsedwe.

Poti probe ili kale pamsana, onaninso kuzungulira impso. Magazi ounjikana pansi pa chikopa cha impso amaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, wakuda, ukupanikiza impsoyo. Amakonda a BP yosatsika ndi amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Kupweteka kwa pamsana kosamva mankhwala, Hb, mlingo wa magazi, ikutsika, musangoti ndi zidutswa zikutuluka.

Mayi Nkhoma: Ndipo makalendala onsewa a masabata 4 ndi miyezi 3 ndi a munthu amene ali bwino. Wotentha thupi, wonjenjemera, wosanza osaleka, kapena amene mkodzo wachepa, ajambulidwe tsiku lomwelo. Kutentha thupi pamodzi ndi impso yotupa ndi mafinya otsekeredwa, ndipo mankhwala okha sakwana. Pamafunika nephrostomy kapena stent mwamsanga, mwalawo udzaonedwa matenda akazizira. Musamupatse LA n'kumubweza kunyumba chifukwa choti ndi nyengo ya malungo. Ngakhale mRDT isonyeze malungo, ikani probe pa impsoyo.

Nabanda: Kwa amayi oyembekezera ndi ana, ultrasound ndiyo yoyamba. Pa oyembekezera kumbukirani kuti impso ya kumanja imatupa mwachibadwa miyezi yomalizira, ndiye kutupa kokha sikutanthauza chidutswa. Kutupa kwa ureter kobwera ndi pakati kumathera pamphepete pa mafupa a chiuno, ureter wotukuka mpaka pansi pa pamenepo ndiye wokayikitsa. Ana ndi opyapyala, ultrasound imawaona bwino kuposa akulu, koma kwa iwo kachidutswa kalikonse katsatiridwe, chifukwa ambiri amakhala ndi chifukwa chobadwa nacho.

Chikondi: Ndiye m'buku la wodwala tizilemba bwanji kuti wotsatira amve?

A Mbewe: Mwachitsanzo chonchi. Impso ya kumanzere, ureteroscopy ndi laser, mwala unali mamilimita 12 m'thumba la m'munsi, wooneka pa KUB. Stent inachotsedwa tsiku lakuti. Lero, masabata 5 stent itachoka, ultrasound ndi KUB. Kachidutswa kamodzi m'thumba la m'munsi, mthunzi wake mamilimita 3, twinkling ilipo, pa KUB sikakuoneka. Impso masentimita 10.5, siinatupe atakodza, mkodzo ukutumphuka mbali zonse ziwiri. Abwerenso pakatha miyezi 6. Ngati simunaone kanthu, lembani kuti palibe chooneka pa ultrasound ndi KUB, osati stone free chabe. Wowerenga adziwe kuti munaona ndi maso ati.

Mukakhala ndi CT yakale lembaninso kulimba kwa mwala. Wa pansi pa 500 HU, muyeso wa kulimbako pa CT, mkodzo wa pH yosakwana 5.5, kawirikawiri ndi uric acid, ndipo zotsalira zake zimasungunuka ndi potassium citrate kapena sodium bicarbonate, pH ikakwezedwa kufika cha m'ma 7. Ameneyo mumutsatire ndi ultrasound, KUB ingakuwonongereni filimu. Woposa 1000 HU ndi wouma, ndipo ESWL ikalephera kawiri pa mwala wotere musaumirire kachitatu.

Mayi Nkhoma: Mzere wa stent uja ulembedwe ndi zilembo zazikulu, ndipo wodwala auzidwe pamaso pa womuperekeza kuti m'thupi mwake muli kapulasitiki koyenera kuchoka. Ambiri akasiya kumva kupweteka amaganiza kuti zatha. Stent yoiwalika imamera miyala nsonga zonse ziwiri, ndipo aliyense wochokera kunja amene kalata yake siikunena kuti inachotsedwa, ajambulidwe KUB ngakhale akunena kuti mulibe.

Tiyamike: Ndipo stent imene yakhala kupitirira miyezi 3, jambulani KUB musanaikoke. Yang'anani mphete ya kumtunda, ija ili mu impso. Ikaoneka yokhuthala, yoyera kuposa thunthu lake, kapena ya mabwampu, yamera mwala ndipo siiwongoka poikoka. Ikakana musalimbane nayo, imaduka kapena kung'amba ureter. Ameneyo akufunika CT ndi laser, kuyambira nsonga ya m'chikhodzodzo kukwera m'mwamba.

Kondwani: Kachidutswa kalikonse kamene katuluka asakataye. Azikodzera m'chitini n'kusefa ndi sefa ya tiyi kapena kansalu koyera, akaumitse, akasunge m'kabotolo kouma kopanda madzi kapena spirit, abwere nako tsiku la sikani.